Kugona m'galimoto ya nyumba pakati pa minda ya mpesa ya ku Cape: ndondomeko yake

Kum'mawa kwa mzinda wa Cape Town, ulendo wa ola limodzi pa galimoto, kuli zigwa za Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, kumene mpesa wakhala ukulimidwa kwa zaka zoposa 300 ndipo vinyo wake amafika mpaka m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ambiri mwa ife amene tikukhala ku South Africa timawadziwa maderawa ngati malo a ntchito, kumene abale athu amaperekera zakudya m'malesitilanti ndi kusamalira maluwa a eni minda, ndipo zopitako kukapuma sitiziganizako n'komwe. Komatu pali njira yowaonera imene sifuna hotela, ndiyo kuchita hayala motorhome, galimoto imene kumbuyo kwake kuli mabedi, chitofu, filiji ndi kachimbudzi, n'kukaiimika pa umodzi mwa misasa ya makalavani (tinyumba tokokedwa ndi galimoto) imene ili pakati pa mindayo. Ine ndi mayi a kunyumba pamodzi ndi alamu anga tinachita zimenezi kwa masiku 5, ndipo zimene ndalemba apa ndi ndondomeko imene ndikanakonda wina akanandipatsa tisananyamuke. Magawo onse atsamira pa mfundo imodzi: galimoto ija ikangofika pamsasa isanduke nyumba, ikhale pomwepo, ndipo inu mukalawe vinyo pa mayendedwe ena.

Gawo 1: Sankhani nyengo, kenako chigwa

Nyengo ya ku Cape ndi yotembenuka poyerekeza ndi ya kwathu, chifukwa mvula yake imagwa m'miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kuyambira Disembala mpaka Malichi kumakhala kouma ndi kotentha, moti ku Paarl kutentha kumapitirira madigiri 35 kawirikawiri. Kukolola mphesa kumayamba chakumapeto kwa Januwale n'kufika mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, ndipo nthawi imeneyi mathirakitala okoka ngolo za mphesa amadzaza m'misewu ya kumafamu. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, komanso pa Pasaka, sukulu zimakhala zitatsekera, mitengo imakwera, misasa imadzaza ndi mabanja, ndipo ina salola kusungitsa malo a usiku umodzi kapena uwiri okha. Kwa ine nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Febuluwale mpaka Malichi, ana atabwerera kusukulu koma mphesa zikadali m'munda, kapena Okutobala ndi Novembala pamene mpesa waphuka ndipo dzuwa silinayambe kuluma. M'nyengo yozizira zinthu zimatsika mtengo, koma mpesa umakhala utayoyola masamba ndipo kapinga wa pamsasa amasanduka matope amene galimoto yolemera imatitimiramo.

Za chigwa, munthu wopita koyamba asankhe msasa umene uli pakati pa matauni atatu aja, chifukwa aliyonse ali pafupifupi theka la ola kuchokera kwa linzake. Stellenbosch, imene Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, anaikhazikitsa mu 1679, ili ndi minda yambiri koma misewu ya pakati pa tauni ndi yothina. Franschhoek, kumene anthu a ku France othawa mazunzo a chipembedzo anayamba kukhala mu 1688, ndi chigwa chozunguliridwa ndi mapiri ndipo mayendedwe a alendo ndi osavuta. Paarl ndi tauni yaitali ya msewu umodzi waukulu, kwawo kwa kampani ya vinyo ya KWV imene inayamba mu 1918, ndipo kugula zinthu kumeneko n'kophweka. Robertson ndi Montagu zili kutali, kupitirira makilomita 150 kuchokera ku Cape Town, ndipo ndi zoyenera ulendo wachiwiri kapena munthu amene ali ndi masiku oposa sabata.

Gawo 2: Konzani mapepala ndi ndalama

Magalimoto a nyumba amene makampani monga Maui ndi Bobo Campers amachititsa hayala nthawi zambiri amayendetsedwa ndi laisensi wamba ya gulu B, imene imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 ikadzaza. Laisensi ya ku Malawi imatsata magulu omwewo a SADC, ili m'Chingerezi ndipo ili ndi chithunzi, choncho mlendo angathe kuigwiritsa ntchito, koma funsani kampaniyo zaka zimene imafuna kuti woyendetsa akhale nazo, ndipo lembetsani mayina a onse amene adzagwira chiwongolero. Wochokera ku Malawi ndi pasipoti wamba amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Galimoto muilandirire ku Cape Town konkuno, chifukwa kuitengera ku Johannesburg n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1 kukudyerani masiku awiri ndi dizilo wambiri musanaone n'komwe mpesa.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi chikole. Kampani imagwira ndalama pa khadi la ku banki mpaka mutabweza galimoto, ndipo ndalamazo zimachepa mukasankha inshuwalansi yokwera mtengo. Makhadi a mabanki a ku Malawi amakhala ndi malire pa ndalama zakunja chifukwa cha kusowa kwa ndalamazo m'dziko, choncho kambiranani ndi banki yanu nthawi ikadalipo, kapena gwirizanani ndi m'bale amene ali ndi akaunti ya ku South Africa kuti iye akhale wosayina. Werengani bwino zimene inshuwalansiyo sikhudza. Kawirikawiri matayala, galasi la kutsogolo, kunsi kwa galimoto ndi denga zimakhala pa mutu panu, ndipo ngozi yochitika woyendetsa atamwa mowa siilipiridwa ngakhale pang'ono.

Gawo 3: Sungitsani puloti, ndipo funsani mafunso

Kugona m'mbali mwa msewu kapena pamalo oimikapo magalimoto m'tauni musakuyese, chifukwa malamulo a matauni sakulola ndipo chitetezo chake palibe. Misasa yodziwika ilipo, monga Berg River Resort m'mbali mwa mtsinje wa Berg pa msewu wa R45 pakati pa Paarl ndi Franschhoek, Mountain Breeze pa msewu wa R44 pakati pa Stellenbosch ndi Somerset West, ndi Montagu Caravan Park kwa opita kutali. Palinso mafamu ena amene ali ndi mapuloti ochepa kuseri kwa minda yawo. Musangodalira zithunzi za pa intaneti, imbani foni, pakuti safunsa anadya phula.

Auzeni kutalika ndi msinkhu wa galimoto yanu, kenako funsani ngati puloti ili ndi magetsi, mphamvu ya magetsiwo m'maampu, ndi mtundu wa soketi imene ili pa bokosi. Funsani ngati pali mthunzi, ngati pansi ndi posalala, ndi mtunda wochoka pa puloti kukafika ku nyumba ya mabafa ndi zimbudzi, imene kuno amaitcha ablution. Funsani kumene amakhuthulira thanki ya chimbudzi cha m'galimoto, chifukwa si msasa uliwonse umene uli ndi malo apadera a zimenezi. Funsaninso ola limene geti limatsekedwa, ndipo chomaliza, chimene chili chofunika kuposa zonse pa ulendo uno, funsani ngati magalimoto a Uber, a Bolt kapena a makampani oyendetsa alendo amafika pa getilo. Msasa wokongola umene palibe galimoto yofikako udzakukakamizani kudzutsa nyumba yanu m'mawa uliwonse.

Gawo 4: Tsiku lolandira galimoto

Patulani maola awiri, ndipo musalole kuti akufulumizitseni. Jambulani ndi foni mbali zonse za galimoto, denga, matayala ndi mkati, wogwira ntchito wa kampaniyo ali pomwepo. Muuzeni akuonetseni ndi manja, inu n'kubwereza iye akuona, kayatsidwe ka gasi ndi katsekedwe kake pa silinda, kasinthidwe ka filiji kuchoka pa batire kupita pa magetsi a pamsasa, kathiridwe ka madzi m'thanki, katulutsidwe ka kathanki ka chimbudzi, ndi katambasulidwe ka chinsalu cha mthunzi cha m'mbali. Kabowo kothirira madzi ndi kothirira dizilo timafanana kwa munthu wotopa, choncho tizindikireni bwino tsiku lomwelo. Lembani msinkhu wa galimotoyo pa kapepala n'kukamata pafupi ndi chiwongolero, popeza magalimoto amenewa amafika mamita atatu kapena kupitirira, ndipo munthu wozolowera galimoto yaing'ono amaiwala kuti pamwamba pake pali nyumba.

Onetsetsani kuti nthambo ya magetsi ilimo, pamodzi ndi kolumikizira pakati pa pulagi yabuluu ya makalavani ndi soketi wamba ya ku South Africa ya mano atatu ozungulira, chifukwa misasa ina ili ndi mtundu uwu, ina mtundu uwo. Mapulagi a kwathu a mano a makona salowa m'masoketi a kuno, choncho wochokera ku Malawi agule kolumikizira ka matchaja ake. Pemphaninso matabwa kapena mapulasitiki okwezera matayala, paipi ya madzi, ndi mankhwala a m'chimbudzi.

Zakudya gulani musanalowe kumafamu, pa Checkers, Pick n Pay kapena Shoprite imene ili ndi bwalo lalikulu la panja, osati la pansi pa nyumba limene denga lake ndi lalifupi. Ufa wa chimanga umapezeka paliponse, koma mthiko ndi chipande nyamulani zanu, popeza m'madilowa a galimotoyo mudzapezamo mafoloko ndi chotsegulira vinyo basi.

Gawo 5: Pa msewu

Kuno amayenda kumanzere monga kwathu, ndipo malire a liwiro ndi makilomita 60 pa ola m'tauni, 100 m'misewu ya kunja kwa tauni ndi 120 m'misewu ikuluikulu, koma galimoto ya nyumba imakhazikika bwino pa 90 kapena 100, makamaka mphepo ikamawomba kuchokera m'mbali. Kupita ku Paarl tsatani N1, ndipo kupita ku Stellenbosch kuchokera ku bwalo la ndege tsatani N2 n'kukhotera mu R310. Foni ikakuuzani za njira yachidule yodutsa m'makomboni amene simukuwadziwa, ikaneni, ndipo pa N2 pafupi ndi bwalo la ndege musaime m'mbali popanda chifukwa chachikulu.

Misewu yokwera mapiri ndi imene ikufuna kuti muiganizire musanaifike. Helshoogte, pakati pa Stellenbosch ndi chigwa cha Franschhoek, ndi wotakata ndipo suvuta. Msewu wokwera phiri kuseri kwa Franschhoek uli ndi makona okhota ngati chigongono, ndipo ngakhale galimoto ya nyumba imadutsa, woyendetsa koyamba adikire mpaka atazolowera. Bainskloof, kuseri kwa Wellington, ndi wothina ndipo pali thanthwe lolendewera pamwamba pa msewu limene limaletsa magalimoto aatali msinkhu, choncho usiyeni. Wopita ku Worcester, Robertson ndi Montagu adutse mu Huguenot Tunnel, msewu wobowola phiri wa makilomita 3.9 umene unatsegulidwa mu 1988 ndipo ndi wolipira. Potsetsereka paliponse ikani giya yachitatu kapena yachiwiri kuti injini igwire galimoto, chifukwa mabuleki oponderezedwa mtunda wautali amatentha n'kuleka kugwira. Anyani a m'mapiri amenewa amadziwa kutsegula zitseko, ndiye mukaima kuti muone chigwa, khomani.

Gawo 6: Kufika ndi kukhazika galimoto

Fikani dzuwa likadali m'mwamba, isanakwane 4 koloko ngati n'kotheka. Ife tinachedwa m'sitolo, tinafika kutada, tinangoimika pamene nyali zinatilozera n'kulumikiza magetsi mofufuza. Usiku umenewo ndinagona mutu uli kumunsi, madzi a m'sinki anakana kutsika, ndipo chitseko cha kabafa chimangodzitsegukira. Kutacha alamu anga anatuluka akudzisisita m'chiuno n'kunena kuti, "Alamu, nyumbayi mwaimanga pachulu kodi?" Amene anatipulumutsa anali bambo wachikulire wa kalavani yoyandikana nafe, amene ndinamupatsa moni kuti Oom, monga amachitira kuno kwa munthu wa msinkhu wa atate ako. Iye sanalankhule zambiri. Anathira madzi theka m'tambula, anaiika pa tebulo la m'galimoto, ndipo tonse tinaona madziwo atapendekera kutsogolo ndi kumanzere. Anabweretsa matabwa awiri, anawaika kutsogolo kwa matayala, n'kundikodola kuti ndikwere pang'onopang'ono mpaka madzi a m'tambula aja atagona mofanana.

Ndondomeko yake ndi iyi. Mukalembetsa ku ofesi, siyani galimoto n'kukaiona puloti wapansi, mukuyang'ana kumwamba kumene kuli nthambi, pansi pamene pali mizu, nyerere ndi malo ofewa, komanso kumene kuli bokosi la magetsi ndi mpope. Ganizirani kumene dzuwa la masana lidzachokera, n'kuimika galimoto kuti mbali ya filiji ikhale ku mthunzi ndipo khomo liyang'ane kumene mudzakhala. Pobwerera m'mbuyo munthu mmodzi atsike, aime pamene mukumuona pa galasi, ndipo mugwirizane zizindikiro musanayambe, chifukwa kukalipirana pa zenera kumangosonkhanitsa owonerera. Mukaima, yesani ndi tambula ya madzi ija, kwezani matayala a mbali yotsika, kokani buleki ya pamanja ndipo siyani galimoto m'giya. Kusalala kumeneku si nkhani ya tulo tokha, popeza mafiliji oyendera gasi sazizira bwino akapendekeka.

Kenako magetsi. Zimitsani swichi ya pa bokosi la msasa, tambasulani nthambo yonse osaisiya yokulungika chifukwa imatentha, lumikizani ku galimoto poyamba, kenako ku bokosi, ndipo pomaliza yatsani swichi. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, kutanthauza kuti puloti ya maampu 10 ikupatsani mawati 2,300 okha. Ketulo imodzi imadya pafupifupi mawati 2,000, ndiye mukaiyatsa pamodzi ndi choziziritsa mpweya, swichi ya pa bokosi idzadzizimitsa yokha, ndipo nthawi zina idzazimitsira ndi anzanu oyandikana nawo. Madzi a tiyi wiritsani pa gasi. Kuzimazima kwa magetsi a Eskom kunavuta kwambiri mu 2022 ndi 2023, ndipo munthu wokulira pa magetsi a ESCOM safunika kuuzidwa kuti tochi ikhale pafupi ndipo batire la m'nyumbamo lisathere pa nyali zosafunika.

Mukamaliza apa tsegulani gasi, dzazani thanki ya madzi, ikani chidebe kunsi kwa paipi yotulutsa madzi a m'sinki, tulutsani mipando, ndipo makiyi a galimoto muwaike m'dilowa.

Gawo 7: Kukalawa vinyo

Makiyi aja akhale m'dilowamo pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi lamulo. Ku South Africa woyendetsa galimoto saloledwa kufika magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, malire otsika kuposa a ku Malawi, ndipo wopezeka atapitirira amamangidwa. Pa famu iliyonse amakuthirirani mitundu 5 kapena 6 ya vinyo, pang'onopang'ono moti munthu amaona ngati akungonyambita, koma ngati m'tambula iliyonse athiramo mamililita 30, mafamu atatu akupatsani mamililita pakati pa 450 ndi 540, pamene botolo lonse ndi mamililita 750. Chachiwiri n'chakuti ngakhale pakati panu pali wosamwa, kudzutsa galimoto kumafuna kuzula nthambo, kutseka gasi, kupinda chinsalu, kulongedza mbale ndi kutsika pa matabwa aja, ndipo madzulo muyambirenso zonsezo mutatopa. Mageti a mafamu akale anamangidwira ngolo za akavalo, misewu yake ili ndi mitengo ya oki ya nthambi zogwera pansi, ndipo m'misewu ya ku Stellenbosch monga Dorp Street muli ngalande za madzi m'mbali zimene tayala la kumbuyo limagweramo mosavuta.

Njira yophweka kuposa zonse ndi Franschhoek Wine Tram, imene inayamba mu 2012 ndipo imagwiritsa ntchito njanje yakale ya m'chigwamo pamodzi ndi mabasi ake. Mumagula tikiti ya tsiku lonse, kusankha njira imodzi mwa zingapo zimene zimadziwika ndi mitundu, n'kumatsika pa famu imene mwafuna ndi kukweranso ikabwera ina. Tikiti gulirani pasadakhale, nyamukani m'mawa, ndipo dziwani ola la ulendo womaliza. Ku Stellenbosch ndi ku Paarl kuli makampani amene amakutengani pa geti la msasa ndi kukubwezani. Uber ndi Bolt amapezeka m'tauni, koma kumafamu madzulo amasowa, choncho gwirizanani ndi dalaivala amene wakusiyani za ola lodzakutengani.

Mafamu atatu pa tsiku ndi okwanira, ndipo famu yachiwiri ikhale ya chakudya cha masana. Kulawa kumalipiridwa pa munthu aliyense, ndipo amayamba ndi vinyo woyera, kenako wofiira, n'kumalizira wotsekemera. Pa tebulo pamakhala kachidebe kolavulira, ndipo kulavula kapena kukhuthula zotsala m'tambula si mwano, ndi mmene akatswiri amachitira. Imwani madzi pakati pa tambula ndi tambula. Ngati simudziwa poyambira, pemphani Chenin Blanc, mphesa imene imalimidwa kwambiri m'dzikoli ndipo akale ankaitcha Steen, kenako Pinotage, imene katswiri wa za mpesa Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu ya mphesa ya Pinot Noir ndi Cinsaut. Cap Classique ndi vinyo wa thovu wowira m'botolo momwemo, ndipo amene lilime lawo linazolowera zotsekemera adzakondwera ndi Muscadel wa ku Robertson ndi Montagu. Musachite manyazi kunena kuti vinyo wina sakukukomerani, chifukwa wokuthirirani amafuna kudziwa zimenezo kuti akusankhireni wina.

Mayi a kunyumba samwa, ndipo sanasowe chochita. Mafamu ambiri ali ndi madzi a mphesa osawira, ku Fairview kuli tchizi ndi mbuzi zokwera nsanja yawo, ku Babylonstoren kuli dimba lalikulu la zipatso ndi ndiwo zamasamba limene mlimi aliyense angathe tsiku akulizungulira, ndipo pa msewu wa R301 pakati pa Paarl ndi Franschhoek pali chiboliboli cha Nelson Mandela pa geti la ndende imene anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, imene kale inkatchedwa Victor Verster.

Pali china chimene mlendo ayenera kuchidziwa. Kwa zaka zambiri antchito a m'minda imeneyi ankalipidwa gawo la malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop, ndipo ngakhale unaletsedwa, mabala ake akadali m'mabanja ambiri. Choncho wogwira ntchito pamsasa kapena pa famu akakuthandizani, muthokozeni ndi ndalama, osati ndi botolo lotsala, ndipo nyumba za antchito zimene zili m'mphepete mwa minda musazijambule ngati zokongoletsa malo. M'lesitilanti mwambo ndi kuwonjezera 10 peresenti kapena kuposa, ndipo musadabwe woperekera zakudya akamva mukulankhulana n'kukufunsani kuti kumudzi n'kuti.

Gawo 8: Moyo wa pamsasa

Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene anthu a kuno amaitcha Cape Doctor, imadzuka mwadzidzidzi m'chilimwe, ndipo chinsalu cha mthunzi chosiyidwa chotambasula imachithyola n'kuchiponya padenga. Chipindeni nthawi iliyonse imene mukuchoka ndiponso musanagone, ndipo tsekani timawindo ta padenga. Mphepo yomweyo ndi imene imayendetsa moto wa m'mapiri, choncho wotchani nyama pamalo okonzedwa okha, imvani ngati ofesi yaletsa moto tsiku limenelo, ndipo makala muwazimitse ndi madzi musanalowe m'nyumba. Nkhuni za mpesa wakale zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndipo makala ake ndi abwino.

Madzi ndi nkhani imene anthu a kuno saiseka chiyambire chilala cha 2018, pamene mipope ya Cape Town inatsala pang'ono kutsekedwa. Sambani ku ablution mwachidule, tsukani mbale kumalo otsukira amene ali kumeneko, ndipo kachimbudzi ka m'galimoto kakhale ka usiku wokha kuti kathanki kasadzaze msanga. Kakhuthuleni masiku awiri alionse osadikira kuti kadzaze, mutavala magolovesi, pamalo amene akuonetsani okha, ndipo funsani ngati mankhwala anu ndi ololedwa, popeza misasa ya kumafamu imadalira maenje amene mankhwala ena amawawononga. Madzi a m'chidebe cha kunsi kwa sinki musawathire mumtsinje. Chitofu cha gasi musachiyatse kuti chikufunditseni usiku mawindo ali otseka, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo. Misasa yambiri imafuna bata ikakwana 10 koloko usiku, ndipo makoma a galimoto ndi opyapyala moti nkhani za m'banja zimamveka pa puloti yachitatu. Pa ngozi imbani 112 pa foni ya m'manja, kapena 10111 kwa apolisi.

Gawo 9: Kusunga mabotolo amene mwagula

Galimoto yotsekedwa padzuwa la Febuluwale imatentha ngati uvuni, ndipo vinyo wosiyidwa pa mpando amaphikika, chotsekera chake n'kukankhika. Ikani mabotolo m'katoni yake pansi penipeni, m'kabati ya kunsi kwa bedi ku mbali ya mthunzi, mutafunditsa bulangete, ndipo muwapanikize ndi zovala kuti asagundane pa msewu. Katoni ya mabotolo 6 imalemera pafupifupi makilogalamu 8, ndipo mukachulutsa zimawonjezera pa kulemera kumene galimoto ndi laisensi yanu zikuloledwa. Nzeru ina ndi kulemba mayina a vinyo amene wakukomerani n'kudzagula tsiku lomaliza, kapena kupempha famu kuti ikutumizireni ngati mumakhala ku South Africa konkuno. Wobwerera ku Malawi pa ndege aike mabotolo m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege, ndipo afunsiretu ku MRA kuchuluka kumene angalowe nako popanda msonkho.

Gawo 10: Kunyamuka ndi kubweza galimoto

Usiku womaliza woyendetsa asamwe, chifukwa mowa wa usiku umakhala ukadali m'magazi m'mawa. Ponyamuka tsatani ndondomeko ya pofika ija chobwerera m'mbuyo. Tsekani gasi pa silinda, zimitsani swichi ya pa bokosi, zulani nthambo kuyambira ku bokosi n'kuikulunga, bwezerani filiji pa batire ndi kukhoma chitseko chake, tsekani makabati onse mpaka atalira, pindani chinsalu ndi kasitepe ka pakhomo, kenako tsikani pa matabwa n'kuwatola. Khuthulani kathanki ka chimbudzi ndi kukatsuka, chifukwa makampani amalipiritsa akakapeza kodzaza. Musanaponde mafuta zungulirani galimoto kamodzi mukuyang'ana padenga ndi kunsi, ndipo wina aime panja pamene mukutuluka pa puloti.

Thirani dizilo pafupi ndi kumene mukubweza galimoto. Pa filingi sitesheni za kuno amathira ndi ogwira ntchito monga kwathu, ndipo nenani momveka kuti ndi dizilo, mukuyang'ana paipi imene wanyamula. Fikani ola limene munagwirizana lisanakwane, yenderani galimoto limodzi ndi wolandira mukuyerekeza ndi zithunzi za tsiku loyamba, ndipo pemphani kalata yosonyeza kuti mwabweza bwino komanso tsiku limene chikole chidzamasulidwe, popeza banki imatha kutenga masiku angapo. Tsegulani kabati iliyonse ndi dilowa lililonse musanapereke makiyi. Ife mabotolo tinawatulutsa onse, koma mthiko wa mayi a kunyumba, umene unachokera ku Dedza, unatsala m'dilowa la mafoloko, ndipo tinaukumbukira tili kale pa N1.